Tsiku limene ndinagona pansi pa galimoto apongozi ali m'kati

Amalume atamwalira ku Kitwe, abale anagawana mipando, firiji ndi masuti. Ine, monga mwana wa mlongo wawo, anandiponyera makiyi a chinthu chimene aliyense ankachikana: kagalimoto kofiira ka mipando iwiri, MGB ya mu 1972 yopangidwa ku Abingdon ku England, imene malemuwo anagula kwa mzungu wa kumigodi pamene ankabwerera kwawo. Denga lake ndi lansalu. Ukakhalamo, matako amatsala pang'ono kukhudza phula. Koma ikalira pa Great East Road, ngakhale a ma Land Cruiser amatsitsa galasi kuti aione. Ndinaikonda, ndinaipukuta, ndipo chitsekerero cha thanki chitasowa kotsukitsa magalimoto ndinakagula china ku msika wa Soweto kuno ku Lusaka, chonyezimira, chokhoma ndi kiyi.

Matenda ake anali amodzi. Inkayenda bwinobwino, kenako n'kuyamba kutsokomola, kunjanja, n'kuzima. Ukadikira pang'ono n'kuliza, inkadzuka yosakumbuka kanthu. Ukapita nayo kwa makaniko, pamenepo ndiye inkalira mokoma kwabasi, makanikoyo n'kumakuyang'ana iwe kuti mwina wodwala ndi mwini wake.

Wa ku Kalingalinga anati ndi mapulagi. Tinasintha. Wa ku Chilenje anati koyilo ikatentha imasiya kupereka moto, ikazizira n'kuyambiranso. Zimenezo zimachitikadi, koma koyilo yatsopano inangochepetsa ndalama m'thumba. Mdala wina wa ku Matero ndiye anayamba wandifunsa kaye kafedwe kake. Akuti vuto likakhala la magetsi, injini imazima kamodzin'kamodzi, ndipo kamuvi kosonyeza kuzungulira kwa injini kamagwa nthawi yomweyo galimoto ikuyendabe. Koma ikayamba yatsokomola, n'kumafooka ukaponda mafuta, ndiye kuti petulo sakufika. Tinasintha sefa ya petulo, tinatsuka makabuleta onse awiri, tinapemerera m'mapaipi. Potsiriza mdalayo analoza pampu. Pampu ya MGB ndi yamagetsi, ili kumbuyo pafupi ndi tayala lakumanja, ndipo ukatembenuza kiyi imamveka kuti tiki-tiki-tiki mpaka makabuleta adzaze. M'kati mwake muli tizitsulo togundana timene timakakamira tikakalamba.

"Ikakuzimirani, bwana, lowani pansi muigogode ndi sipanala," anatero.

Ndipotu zinkatheka! Ndikalowa pansi, kugogoda, kutuluka, kudzisansa fumbi, kuliza, basi vuuu. Ndinayamba kuyenda ndi katoni yogonapo. Ndinafika pomalangiza ngakhale anthu a magalimoto amakono, amene pampu yawo ili m'kati mwa thanki.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mayi akunyumba anandiuza kuti amayi awo akubwera pa basi kuchokera ku Katete, ndipo iwo sangachoke kuntchito, ndikawatenge ndine ku siteshoni ya mabasi ya Intercity. Mukudziwa inu kuti kwathu mkamwini ndi apongozi aakazi sakhala mphasa imodzi. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Tsono m'kagalimoto aka mulibe tchire lopatukirako. Ndinavala suti, ndipo pofuna kuti ulendo wa alendo olemekezeka usakhale ndi chododometsa, ndinadzaza thanki mpaka pakamwa, ine amene masiku onse ndimathira petulo wongofikira komwe ndikupita.

Thumba la mtedza linalowa m'buti movutikira. Apongozi analowa, chitenje chili bwinobwino, tambala wamoyo ali pamiyendo, nkhope ataloza kuwindo. Apa m'pamene ndinaona kuti giya yoyamba ndi yachiwiri zili mbali yawo, pafupi penipeni ndi bondo. Ndinanyamuka ndi yachitatu. Galimoto inadumphadumpha mu Dedan Kimathi Road yonse, tambala akudandaula, apongozi ali chete.

Pa maloboti a pa Manda Hill inatsokomola n'kuzima. Kumbuyo ma minibasi anayamba nyimbo yawo. Kondakitala wina anatulutsa mutu: "Mdala, ngoloyo kaisiyeni ku museum!" Ine ndinatsika mwaulemu, ndinayala katoni, ndinalowa pansi ndi suti yanga, go go go. Inalira. Tisanafike n'komwe pa Arcades, yazimanso. Kale inkandilola kuchoka kwathu ku Chelstone kukafika mtauni isanayambe mwano wake, koma tsiku limeneli inkangoyenda kamtunda kochepa. Pofika pa yunivesite ya UNZA katoni inali itang'ambika, msana ukupsa ndi phula, ana asukulu ataimirira ndi mafoni m'mwamba. Ndinagogoda pampuyo mpaka dzanja kuchita dzanzi. Ndikutembenuza mutu, ndinapeza tambala watsika, wasuzumira pansi pa galimoto, akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Pamenepo ndinamva mawu a apongozi koyamba chichokereni ku Intercity. Sanalankhule ndi ine ayi, mwambo sulola. Analankhula ndi tambalayo.

"Iwe tambala, tawafunsa abambo akowo. Kodi chigubu cha mafutachi chimapuma?"

Ndinakhala kaye duu pansipo. Kenako ndinayankha, nanenso kudzera kwa tambala, kuti sindinamvetse bwino.

"Uwauze kuti kumbuyo kwangaku chikumalira kuti bo! bo! Ine ndagulitsa parafini zaka zambiri pa Katete. Diramu ili ndi pakamwa pawiri, papakulu ndi papang'ono. Ukapanda kumasula papang'onopo, parafini amatuluka pang'ono, n'kuyamba kudukiza, n'kuleka. Suimenya diramuyo ayi."

Ndinatuluka chokwawa, ndinatenga kakiyi, n'kutsegula chitsekerero changa chonyezimira chija. Kunamveka psiiiii wautali, mpweya ukuthamangira m'kati, thanki n'kulira kuti bo! pobwerera m'malo mwake. Ana a pa UNZA anaomba m'manja.

Nkhani yake ndi iyi. Petulo akamatuluka m'thanki, mpweya uyenera kulowa kuti utenge malo ake. Chitsekerero chimene galimotoyi inabwera nacho chinali ndi kanjira kakang'ono kolowera mpweya. Changa cha ku Soweto chinali cha magalimoto amene thanki yake imapumira kwina, choncho chinkatseka ndi labala kuti ndii. Pampu inkakoka, thanki n'kumakokanso, ndipo kapampu kofooka ngati aka sikangapambane mpikisano wotero. Nthawi imene ine ndinkayala katoni, kukwawa ndi kugogoda, mpweya unkalowa pang'onopang'ono mozemba m'mbali mwa labala. Ndikanangokhala pampando n'kumaimba nyimbo ya kutchalitchi, galimoto ikanalirabe chimodzimodzi. Mapulagi, koyilo, sefa, chilichonse chinkaoneka ngati chachiza, chifukwa pochoka kwa makaniko ndinkadzera pothira petulo, chitsekerero n'kutsegulidwa. Ndipo thanki ikadzaza mpaka pakamwa, mpweya wotsala m'kati umakhala wochepa kwambiri, moti kukokana kuja kumayamba msanga. Ulemu wanga wodzaza thanki ndi umene unatiimika pa maloboti alionse.

Ndinabwezera chitsekererocho mosalimbitsa, ndinagwira tambala, ndinamupereka ndi manja awiri nditayang'ana kumbali. Apongozi anasunthira mawondo kuchitseko, n'kuuza tambala kuti abambo ake angathe kugwiritsa ntchito magiya onse amene Mulungu anawapatsa. Tinadutsa pa Munali, tinadutsa pa Chainama, osatsokomola ngakhale kamodzi. Mawa lake mdala wa ku Matero anaboola kabowo kakang'ono pa chitsekererocho. Nditamufotokozera amene anapeza vutolo, anafunsa ngati mayiwo angafune ntchito.

Koma madzulo a tsiku la ulendolo, ndili kubafa kuchotsa phula m'zigongono, ndinamva mayi akunyumba akufunsa amayi awo kuti ayenda bwanji ndi akamwini awo.

"Mwana wanga, unakwatiwa ndi munthu waulemu," anatero apongozi mokweza, kuti mawu adutse chitseko. "Ena amangogwada. Awa kuchokera mtauni mpaka kuno, tikayenda pang'ono atsike, agone pansi chagada. Tikayenda pang'ono atsike, agone pansi. Mpaka ndinachita kuwamvera chisoni."