Tebulo lokongola pamaso, lovuta kuwerengetsera

Matebulo amene amachokera kumadepoti a kopaletivu yathu amaoneka bwino zedi. Kumanzere kuli malo: Chipata, Katete, Chadiza, Lundazi. Kenako mbewu, ndiye miyezi yandandalikidwa chopingasa pamwamba, Meyi mpaka Ogasiti. A wapampando akangoponyapo maso amva kale. Koma yesani kufunsa Excel kuti nshawa ndi soya zayenda bwanji mwezi ndi mwezi, mafomula akutuluitsani thukuta.

N'chifukwa chake sabata ino ndakhala pa Power Query, chida cha Excel chosesera ndi kukonzera matebulo asanawerengetseredwe. Chidachi chinkaikidwa padera pa Excel 2010 ndi 2013, koma kuyambira Excel 2016 chili momwemo, pansi pa Data. Mu Power BI, pulogalamu ina ya Microsoft yopangira malipoti, chilinso.

Poyamba ndi kusesa. Mizere yapamwamba yokhala ndi dzina la bungwe imachoka ndi Remove Top Rows, ndipo mzere wa mitu umakwezedwa ndi Use First Row as Headers. Pamene kalaliki anaphatikiza timabokosi kuti Katete alembedwe kamodzi, pansi pake pamatuluka null, null, kutanthauza kuti mulibe kanthu. Fill Down imatsitsa dzinalo mpaka pomwe Chadiza ayambira. Mzere ndi kolamu ya Total zichoke msangamsanga, apo ayi matumba awerengedwa kawiri.

Pomwe pali nkhani ndi pa Unpivot, kutembenuza tebulo kuti makolamu asanduke mizere. Mumasankha makolamu amene asasunthe, depoti ndi mbewu, n'kudina Unpivot Other Columns. Miyezi yonse ija imagwera m'kolamu imodzi yotchedwa Attribute, manambala mu Value, ndipo mumazitcha nokha Mwezi ndi Matumba. Madepoti 4, mbewu 3, miyezi 4: mizere 12 isanduka 48. Tebulo latalika ndipo lanyansa, inde, koma PivotTable, chida cha Excel chophatikizira manambala, ikulikonda choncho, poti mzere uliwonse ukunena chinthu chimodzi basi.

Ine ndaima pa Other Columns, ndipo chifukwa chake ndi msika. Kugula sikuthera mu Ogasiti. Fayilo ikadzabwera ndi kolamu ya Seputembala, Refresh, batani lobwereza masitepe onse pa fayiloyo, idzaimeza yokha, pomwe Unpivot Only Selected Columns imangodziwa miyezi yomwe munaisankha tsiku lija, Seputembala n'kutsala chiimire pambali. Zonse mwachitazi zimasungidwa pa Applied Steps, m'chinenero chotchedwa M, ndipo fayilo yoyambirira siikhudzidwa. Sitepe ya Changed Type yokha, imene imasiyanitsa makolamu a manambala ndi a mawu, ndiyofuna maso, chifukwa imaloweza mayina a makolamu. Wina kudepoti akangosintha Julaye kukhala July, query yonse, kutanthauza masitepe onse aja, yaima.

Chomwe chandidodometsa n'chakuti Unpivot imataya timabokosi topanda kanthu. Ngati Lundazi sanalembe mpendadzuwa wa Meyi, mzerewo kulibe, ndiye mupeza 47. Replace Values ikhoza kuikapo 0 musanatembenuze tebulo, komatu 0 akutanthauza kuti alimi sanabweretse kanthu, pamene mwina kalaliki anangoiwala kulemba. Pamenepo ndimayamba ndaimbira foni kudepoti.