Ophunzira anga a masana

Lolemba ndi tsiku limene ndimaphunzitsa Chingerezi aphunzitsi anzanga a pulayimale. Ndikaweruka kusekondale komwe ndimaphunzitsa Chingerezi fomu 3 ndi fomu 4, ndimapalasa njinga kupita ku TDC, malo ochitira maphunziro a aphunzitsi a zoni yathu kuno ku Nkhotakota, kumene a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoniyi, anatibwereka chipinda. Obwera ambiri ndi aphunzitsi a sitandade 5 ndi 6, ndipo sizodabwitsa. Mwana amaphunzira m'Chichewa mpaka sitandade 4, koma akangolowa sitandade 5 mabuku onse amasanduka a Chingerezi kupatula la Chichewa lokha, ndipo mayeso a MANEB a sitandade 8 amabweranso choncho. Chimene chimachitika m'kalasi tonse tikuchidziwa: mphunzitsi amawerenga chiganizo cha m'buku, n'kuchifotokoza m'Chichewa, n'kulemba manotsi pabolodi, ana n'kukopera zimene sakuzimva. Sindimawada nazo anzangawa. Ana akapitirira zana m'chipinda chimodzi, ena atakhala pansi mpaka kutsinde kwa bolodi, munthu umachita zimene ungathe.

Ntchito yophunzitsa akuluakuluyi sindinaiyambire kuno. Ndinaiyambira kutsidya kwa nyanja, ku Metangula m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, komwe ndinagwirako ntchito pasukulu ina. Anandilemba kuti ndiziphunzitsa ana, koma posakhalitsa aphunzitsi anzanga anayamba kundidikirira masana, kenako makolo nawo. Chingerezi amachifuna ndithu. Mayiko onse amene achita malire ndi dziko lawo amachigwiritsa ntchito, ndipo mu 1995 Mozambique inalowa m'bungwe la Commonwealth ngakhale sinalamulidwepo ndi Britain. Tinkamvana m'Chinyanja, chomwe anthu a m'mbali mwa nyanja kumeneko amalankhula, ndipo chimene ndimakumbukira kwambiri ndi phokoso. Mphunzitsi wamkulu wa masamu ankachithyola Chingerezi mokweza, anzake n'kufa nazo, iye n'kubwerezanso mokweza kuposa poyamba. Analibe choti ataye. Kuphunzira kwake anthu ankakuyesa ndi Chipwitikizi, ndipo pamenepo panalibe womugwedeza.

Kwathu kuno zinthu n'zina. Satifiketi ya MSCE suipeza ukalephera Chingerezi, ndiye mphunzitsi akalakwitsa pamaso pa mnzake amamva ngati wina wakayikira mapepala ake onse. Lolemba lino ndinawapempha kuti wina aime aphunzitse mwachidule za madzi, mmene amasandukira nthunzi, m'Chingerezi choti mwana wa sitandade 5 amve. Chipinda chonse chinangoti zii, aliyense maso pakope. Kumbuyo kumakhala bambo wina amene analowa ntchito mu 1994, pamene boma linayambitsa pulayimale yaulere n'kulemba aphunzitsi masauzande ambiri nthawi imodzi, ndipo maphunziro a uphunzitsi anadzachita pambuyo pake kudzera mu MIITEP, ndondomeko yophunzitsa aphunzitsi ali kale pantchito. Galamala amaidziwa kuposa achinyamata onse a m'chipindamo. Mukawapatsa ndime yoti akonze, sasiya cholakwa ngakhale chimodzi. Koma kuti atsegule pakamwa, ayi. "Aphunzitsi, ife tinakalamba, funsani anawa," amatero.

Ndiye ndimawatulutsa panja awiriawiri, aliyense ndi amene amamasuka naye, gulu lililonse patsinde pa mtengo wake. Ine ndimangoyendayenda ndi kapepala, kulemba zolakwa popanda dzina la munthu, ndipo pomaliza timazikonza pabolodi ngati zangogwa kumwamba. Zambiri n'zodziwika kale. Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo, ndiye "he" ndi "she" zimasinthana. Mawu athu onse amathera ndi lembo la liwu, ndiye lilime limafuna kuwonjezera kalembo kumapeto kwa mawu a Chingerezi. Ndikawauza kuti zimenezi zimachokera ku chilankhulo osati ku umbuli, mapewa amatsika pang'ono. Bambo aja anaphunzitsa za nthunzi kwa mnzawo mmodzi, ndipo ndinamva ndili chapatali kuti anachita bwino kwambiri.

Lachiwiri palibe chokamba. Ndinachonga zimangirizo za fomu 4 mpaka maso kuwawa.

Lachitatu ndi la makolo, ndipo ndimalikonda kuposa masiku onse. Timakumana m'kalasi ya sitandade 1 ana akaweruka. Mwezi uno wa February anthu ali kalikiliki kuwoka mpunga kudambo, ndiye amafika mochedwa, matope ali m'miyendo, ena atanyamula khasu. Sindibwera ndi buku. Lamulo lathu ndi lakuti aliyense abwere ndi pepala la Chingerezi limene lamuvutitsa sabata imeneyo, ndipo phunziro limachokera pomwepo.

Bambo wina wolima tomato anabwera ndi botolo la mankhwala opopera. Wakhala akusungunula mongoyerekeza, monga anamuuzira wogulitsa pamsika. Tinawerenga limodzi mzere ndi mzere: mamililita angati pa malita angati a madzi, zovala zoyenera popopera, ndi masiku oyenera kudikira usanathyole. Atamva za masiku odikirawo anagwira pakamwa, chifukwa iye amapopera lero, mkuja ali pamsika. Amayi ena onse anatembenuka kumuyang'ana, poti tomato wake ndi amene amagula. Phunziro la manambala ndi miyeso linatenga ola lathunthu ndipo palibe amene anayasamula.

Mayi wina wa m'gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulu anabweretsa lipoti la mwana wake. Mwanayo anamuwerengera yekha kunyumba, ndipo malinga ndi kuwerenga kwake aphunzitsi onse amamuyamikira. Titaliwerenga bwinobwino, mayiyo anangoti, "Chabwino, tikaonana," n'kulipinda mosamala. Mnyamata wina wokwatira kumene amagwira ganyu pamalo ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Kuyambira pomwe njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa ku Liwonde ndi ku Majete kubwera nazo kunkhalango yathu mu 2016 ndi 2017, achinyamata ambiri amalota ntchito yoperekeza alendo. Iyeyu amafuna kudziwa zoyankha mzungu akafunsa za mkuyu uja umene amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe. Mbiriyo amaidziwa kuposa ine, anaimva kwa agogo ake. Chomwe chimamusowa ndi mawu ochepa chabe oti ayambire.

Vuto lenileni pagululi si Chingerezi. Makolo ena sadziwa kuwerenga ngakhale Chichewa, ndipo malo awo oyenera akanakhala sukulu ya kwacha. Kuwabweza sindingathe, choncho iwowa timayamba nawo ndi pakamwa, malembo pambuyo. Koma pali mkulu wina amene anandidabwitsa. Sukulu sanapiteko, koma anaphunzira kumadrasa ndipo Korani amawerenga mosadodoma. M'kope mwake amalemba mawu a Chingerezi ndi zilembo za Chiarabu, kuyambira kumanja kupita kumanzere, monga akuwamvera. Sabata yotsatira amabwera atawaloweza onse, ndipo katchulidwe kake kamaposa ka ena amene anafika sitandade 8. Ndinamusiya azichita zomwezo.

Makolowa amaseka anzawo, amadziseka okha, amakangana, amafunsa funso limodzi kangapo konse. Amandikumbutsa a ku Metangula aja. Salipira kanthu, koma pochoka sindilephera kupeza kajumbo ka usipa kapena ufa wa kondowole pakaliyala ya njinga.

Lachinayi m'mawa ndinalibe piriyodi, ndiye ndinapita kukaonerera kalasi ya madamu ena a gulu la Lolemba, atandiitana okha. Ndinakhala kumbuyo pakati pa ana. Anayamba bwino, ndi ziganizo zazifupi, akuloza zinthu, ana akuyankha. Mphunzitsi wina atangoima pazenera kudzabwereka choko, madamuwo anameza mawu, n'kubwerera ku Chichewa, ndipo sanatulukemonso mpaka belu. Titatuluka anati, "Mwaona nokha, sala. Ana sindiwaopa." Ndinawayankha kuti gawo loyamba lija linali phunziro labwino ndipo ana analimva, zomwe zinali zoona.

Apa ndinene maganizo anga. Maphunziro ambiri a aphunzitsi amene ndakhalapo nawo amatha motere: tsiku limodzi kapena awiri, wophunzitsa kutsogolo, mapepala aakulu kukhoma, alawansi, basi. Munthu amene wakhala zaka makumi awiri akuopa kulankhula sangamasuke pa tsiku limodzi, ndiponso pamaso pa bwana wake. Chimene ndaona chikuthandiza ndi kukumana kawirikawiri, anthu omwewo, pamalo pomwe palibe wolemba malikisi. Komanso Chichewa m'kalasi ya sitandade 5 si tchimo. Kufotokoza chinthu chovuta m'chilankhulo cha mwana ndi nzeru. Cholakwika n'chakuti mwana atuluke osamva mphunzitsi wake akulankhula Chingerezi chake chake, chosawerenga m'buku.

Lachisanu sitikumana. Theka la makolo limakhala ku mzikiti masana, ndipo ena amati tsiku limenelo ndi lokonzekera msika.

Loweruka ndinakumana ndi a PEA pa boma, ndikugula mapepala. Anayamikira kaye ntchito, monga achitira akuluakulu akafuna kupempha chinthu, kenako anati chipinda cha ku TDC chikufunika Lolemba pa misonkhano ina. Bwanji magulu awiriwa ndiwaphatikize Lachitatu, poti phunziro ndi limodzi lomwelo? Ndinawafotokozera mwaulemu kuti mphunzitsi amene akulephera kulankhula pamaso pa mnzake sangayerekeze pamaso pa kholo la mwana wa m'kalasi mwake, ndipo kuti makolowo akangoona aphunzitsi adzasiya kuseka n'kuyamba kukhala mwaulemu, kumene kuli kutha kwa phunziro. Anaseka, nati, "Aphunzitsi, inu mumavuta." Tinagwirizana kuti aphunzitsi tizikumana Lachiwiri m'kalasi ya pasukulu yoyandikana nayo, ngati ahedi a pamenepo avomera kutipatsa kiyi. Ndikawaona Lolemba m'mawa.