Momwe ndinachiritsira dzanzi la m'dzanja langa lamanja

Ine ndine telala, ndipo dzanja lamanja ndilo limagwira sizasi tsiku lonse. Vuto linayamba ndi dzanzi la usiku m'chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala chovala mphete, moti ndinkadzidzimuka m'tulo n'kumakutumula dzanja mpaka dzanzilo litachepa. Kachala kakang'ono kokha sikankakhudzidwa, ndipo chimenechi n'chimene dokotala anayamba kundifunsa nditapita kuchipatala.

Anandifotokozera kuti polumikizira dzanja ndi mkono pali kampata kopapatiza, kozunguliridwa ndi timafupa komanso kachingwe kolimba pamwamba pake. M'kampatamo mumadutsa minyewa 9 yopinda zala pamodzi ndi mtsempha wotchedwa median, umene umachititsa kuti zala zimenezi zizimva. Mukatupa m'katimo, mtsemphawo umapanikizika, ndipo matendawa ndiwo amatchedwa carpal tunnel syndrome. Kachala kakang'ono kamadalira mtsempha wina, n'chifukwa chake kamapulumuka.

Kuyeza kwake kunali kosavuta. Anandigogoda ndi chala pamalopo, ndipo ndinamva ngati nyesi mpaka kunsonga za zala. Kenako anati, "Mayi, pindani manja onse, misana yake igundane, mukhale choncho kwa mphindi imodzi." Mphindiyo isanathe dzanzi linali litabwera. Ananditumanso kukayezetsa magazi, chifukwa shuga, nyamakazi ndi kufooka kwa chithokomiro zimayambitsanso vutoli, monganso pathupi ndi kunenepa kwambiri.

Chithandizo choyamba chinali chomangira chokhala ndi kachitsulo mkati, chimene ndinkavala pogona kuti dzanja lisapindike m'tulo. Kwa anthu ambiri amene afika msanga, chimenechi chimakwanira pakapita milungu ingapo. Ine chinandithandiza kugona, koma masana singano inkandipulumukabe. Jakisoni wochepetsa kutupa anandipumitsa miyezi ingapo, dzanzi n'kubwereranso.

Chimene chinachititsa kuti tigwirizane za opaleshoni ndi mnofu wa patsinde pa chala chachikulu, umene unayamba kuphwa poyerekeza ndi wa dzanja lamanzere. Chizindikiro chimenechi musachinyozere, chifukwa mtsempha ukapanikizika nthawi yaitali nthawi zina mphamvu ya chala sibwerera yonse ngakhale mutachitidwa opaleshoni.

Opaleshoniyo inatenga pafupifupi mphindi 20. Sanandigoneke tulo, anangobaya mankhwala ochititsa dzanzi pachikhatho, n'kucheka pang'ono ndi kudula kachingwe kaja kuti mtsempha upeze malo. Ndinabwerera kunyumba tsiku lomwelo, nditauzidwa kuti dzanja lizikhala m'mwamba, bala lisanyowe, koma zala ndizizisuntha pafupipafupi. Ulusi anachotsa patatha milungu iwiri. Dzanzi la usiku linatha msanga, koma chikhatho chinapwetekabe ndikatsamira patebulo, ndipo kudula nsalu yokhuthala ngati jinzi kunanditengera miyezi. Panopa ndimanoletsa sizasi kawirikawiri kuti ndisamafinye mwamphamvu, ndipo ndimapumitsa dzanja pakati pa ntchito.