Mawu a andale ndi a zachuma: tizimva tisanaombe m'manja

Pamisonkhano ya ndale ku Mbare, Highfield kapena Mufakose kuno ku Harare, mu Zimbabwe, anthu timaomba m'manja pa mawu amene sitinawamve bwino. Pomwe mawuwo ndi amene amakhudza mtengo wa ufa ndi madzi a pampopi. Abale anga, tiyeni tiwamasule ena mwa iwo.

Choyamba ndi chitupa. Makolo athu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anasiyira ana awo zitupa zolembedwa kuti ALIEN, ndipo ena mpaka lero amakhulupirira kuti saloledwa kuvota. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko a 2013 limati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowa asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake limodzi linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala konkuno pa nthawi imene malamulowa anayamba, ndi nzika yobadwa. Tengani setifiketi yanu yobadwira mupite ku ofesi ya kalembera wa nzika akakonze chitupacho. Mukatero kalembetseni ku ZEC, bungwe loyendetsa zisankho, mutanyamula chitupa ndi umboni wa komwe mukukhala. Voters' roll ndi kaundula wa ovota, ndipo dzina lanu limakhala pamalo amodzi okha ovotera. Mukasamuka ku Epworth kupita ku Dzivarasekwa osakasinthitsa, mudzayenera kubwerera ku Epworth tsiku lovota.

Akamati harmonised elections akunena chisankho chapatatu, ngati cha pa 23 Ogasiti 2023: pepala la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. Pulezidenti amafunika mavoti opitirira theka. Akapanda kukwana pamakhala chibwereza cha anthu awiri otsogola, monga zinachitikira mu 2008.

Pepala la phungu ndi limene ambiri timalipeputsa, chonsecho ndi lolemera kwambiri. Madera a aphungu alipo 210, koma mavoti omwewo amawerengedwanso pachigawo chilichonse pogawira zipani mipando 60 ya amayi, 10 ya achinyamata ndi 60 ya ku Senate. Ndiye proportional representation imeneyo. Ngakhale munthu amene munamuvotera atagonja, voti yanu imathandizabe chipani chake kupeza mipando imeneyi. Palinso recall: pansi pa gawo 129, chipani chikalembera Sipikala kuti phunguyo si membala wake tsopano, mpando umamuchoka ndipo kumachitika chisankho chapadera. Tinaziona kumapeto kwa 2023 ndi aphungu a chipani chotsutsa cha CCC. Choncho povota muzifunsanso kuti chipanicho ali ndi mphamvu yosaina makalata ndani.

Ndipo chonde tisamasokoneze ntchito. Zinyalala, masuweji ophulika ndi misewu ya m'makomboni ndi nkhani za khansala ndi khonsolo. Phungu ntchito yake yaikulu ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ndi kufunsa nduna. Wina akamatchula devolution funds, dziwani kuti gawo 301 limalamula kuti ndalama zosachepera 5 peresenti za zimene boma latolera zipite ku zigawo ndi makhonsolo. Si mphatso ya munthu. Ndi misonkho yanu. Funsani kuti zinafika zingati ndipo zinagwira ntchito yanji mu wodi yanu.

Tsopano mawu amene amandipweteka mtima chifukwa anthu amanamizidwa nawo kwambiri: "inflation yatsika". Inflation ndi liwiro limene mitengo ikukwerera, osati mitengo yeniyeniyo. Tiyerekeze kuti thumba la ufa linali 100 mu ndalama yathu ya ZiG, chaka chotsatira n'kufika 150. Pamenepo inflation ndi 50 peresenti. Chaka chinacho lafika 165, inflation ndi 10 peresenti. Nduna ikanena kuti yatsika sinaname, koma ufa wakwerabe, ndipo ngati malipiro anu sanasunthe mwasauka kuposa kale. Muzimvetseranso ngati akunena za mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Kukwera kwa 3 peresenti mwezi uliwonse kumamveka kochepa, koma pakutha kwa miyezi 12 kumapitirira 40 peresenti, chifukwa mwezi uliwonse umakwera pamwamba pa unzake.

Devaluation ndi pamene banki yaikulu yachepetsa mphamvu ya ndalama yathu poyerekeza ndi dola ya ku America. ZiG inayamba mu Epulo 2024 pa 13.56 pa dola imodzi. Pa 27 Seputembala chaka chomwecho banki yaikulu, Reserve Bank, inaigwetsa kufika pafupifupi 24.4. Amene anali ndi ZiG 1,400 ku banki anagona ndi ndalama zokwana pafupifupi madola 100, n'kutsala ndi pafupifupi 57 osagula kanthu. Akamati ndalama ndi gold-backed, akutanthauza kuti banki yaikulu ikusunga golide ndi ndalama zakunja zoichirikiza. Funso loyenera ndi lakuti zosungidwazo n'zochuluka bwanji poyerekeza ndi ZiG zonse zili m'manja mwa anthu ndi m'mabanki.

Nanga IMTT? Ndi msonkho wodulidwa potumiza ndalama pa EcoCash kapena pa banki, umene nduna ya zachuma a Mthuli Ncube anauika pa 2 peresenti mu 2018. Umadulidwa pa ndalama yotumizidwa, osati pa phindu, choncho mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika amalipira ngakhale tsiku limene waluza. Bajeti ikamawerengedwa chakumapeto kwa chaka, musamangomvera zimene alonjeza kumanga. Fufuzani mbali ya misonkho, muone umene wakwera ndi tsiku limene uyambe kudulidwa.