Kapepala ka ku Blantyre

Sabata ino kwatentha moti fani ya m'chipinda choonera odwala imangopukusa mpweya wamoto. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: malungo, ana otsekula m'mimba, mzere wa ma ARV. Izo mukuzidziwa.

Chandikhala pamtima n'cha Lachitatu. Kunabwera mayi wina wolima mpunga kudambo, m'mbali mwa Shire, mwamuna wake ali pambuyo, nkhope ili gwa. Mayiyo wakhala akumva kuyabwa ndi kuwotcha kumaliseche kwa miyezi. Achibale anasonkha ndalama n'kupita naye ku labu ina yolipira ku Blantyre. Kumeneko anamutenga magazi n'kumupatsa kapepala kolembedwa kuti herpes "positive", kutanthauza kuti amupeza ndi matenda a matuza amene anthu amatha kupatsirana pogonana. Bamboyo anakaponya patebulo: "Adokotala, afunseni awa kumene anazitenga. Ankhoswe akubwera Loweruka."

Ndinakawerenga kawiri. Sikanatchule n'komwe ngati ndi HSV-1 kapena HSV-2, mitundu iwiri ya kachirombo ka herpes. Kuyeza magazi kumangoona asilikali a m'thupi, kuti munthu anakumanapo ndi kachiromboka, koma sikunena liti kapena pati. HSV-1 ambirife tinaitenga tili ana, tizilonda ta pamilomo tija. Nthawi zinanso zotsatirazo zimanama. Chotsimikiza n'kutapa timadzi ta m'thuza likadali laliwisi n'kukayeza PCR, njira yofufuzira kachiromboko mwachindunji, zomwe kwathu kuno timangozimva m'misonkhano.

Titamuona ndi anamwino, thuza panalibe, chilonda panalibe. Nditafunsa za mkodzo, anati umathera ndi magazi kuyambira ali mtsikana, iye ankangoti ndi mmene alili. Maikulosikopu inaonetsa mazira a likodzo mumkodzomo. Mazirawa amakhazikikanso kumaliseche ndi pakhomo la chiberekero, koma ife tikangomva "kuyabwa" dzanja lathamangira kale ku mankhwala a matenda opatsirana pogonana. Inenso ndazichitapo, sindikana.

Praziquantel, mankhwala a likodzo, ku famase kulibe, mwezi wachiwiri uno. Ndinalemba m'buku mwake kuti akagule, ndikudziwa bwino kuti ndalama zinathera ulendo wa ku Blantyre uja.

Bamboyo ndinakhala naye theka la ola, anthu panja akung'ung'udza. Sindinamulonjeze kuti herpes palibe. Ndinamuuza kuti kapepalako sikangakhale mboni pamaso pa ankhoswe, ndipo matuza akadzatuluka abwere nawo mayiwa tsiku lomwelo. Anakapinda, n'kukaika m'thumba la malaya, osayankha.

Lachinayi magetsi anazima, Lachisanu ndinalimbana ndi lipoti la mwezi. Lero ndi Loweruka lija, ndili pano ndikuona ana a malungo.