Mmene ndinasinthanitsira injini ndi mabuleki pa ma Corolla awiri akale pakhomo

Magalimoto ake ndi ma Corolla awiri a m'ma 1990. Ina ndi AE100, bodi ili bwinobwino koma injini yake ya 5A-FE inali itatopa, utsi wa buluu kuseri, oyilo kumangothira ngati ukuthira mu dengu. Inayo ndi AE101 yomwe inagundidwa kumbuyo mpaka bodi kupindika, koma injini yake ya 4A-FE imalira bwino ndipo mabuleki anali akadali amoyo. Ndiye maganizo anali akuti zabwino zonse zipite pa AE100, zotopazo zibwerere pa yogundidwayo kuti izitha kukankhika osati kungokhala pa miyala.

Chomwe chinandilimbitsa mtima nchakuti ma injini awiriwa ndi apachibale, 5A-FE ndi ya 1498cc pomwe 4A-FE ndi ya 1587cc, ma mounting amakhala malo omwewo ndipo onse anali a manual. Komabe ndisanamasule bawuti ngakhale imodzi ndinayamba ndayeza compression (mphamvu yopanikiza mpweya mu masilinda) ya 4A-FE ija, masilinda onse anayi anapereka manambala oyandikana. Osadumpha apa abale, kulira bwino kokha sikokwanira, mutha kunyamula injini yodwala kuchoka pa galimoto ina kupita pa ina nkumadzitama kuti mwagwira ntchito.

Zida sizambiri kwenikweni. Toyota yakale imamasuka pafupifupi yonse ndi 10, 12, 14, 17 ndi 19, kuwonjezera soketi yaikulu ya nati ya driveshaft, jeki, ma stand, tcheni buloko ndi chitsulo cholimba chopachikapo. Ma stand ndikunena enieni, njerwa zimaphwanyika osachenjeza ndipo munthu umakhala uli pansi. Ndinapezanso masking tape, cholembera ndi timapepala ta pulasitiki tosungiramo mabawuti, kalikonse kolembedwa komwe achokera.

Ndinayambira pa yogundidwayo popeza ndi yomwe sindimaopa kuikanda. Ma nati a driveshaft ndi a matayala ndinawagwedeza galimoto idakali pansi, ikakwera pa stand tayala limangozungulira nawe. Kenako ndinazula pulagi ya fuel pump pansi pa mpando wakumbuyo injini ikulira mpaka inazima yokha, kuti paipi ya petulo isadzandilavulire kumaso. Batire kunja, kuyambira ku negative. Madzi a mu redieta, oyilo wa injini ndi wa giyabokosi zonse kukhetsera mu zigubu. Boneti ndinaichotseratu, koma ndinayamba ndazunguliza cholembera pa mahinje kuti pobwezera isadzakhale mokhota.

Apa ndiye pali nkhani yonse, mawaya. Injini isamuke ndi zake zonse, harness yake (mtolo wa mawaya a injini), distributor yake ndi kompyuta yake. Ena amati ingolumikizani pa kompyuta yakale iyenda, mwina iliradi, koma kompyuta ya 1.5 inapangidwa kuti iziyezera petulo injini ya 1.5, ine sindinafune zomadzasaka vuto lomwe ndalipanga ndekha. Ndiye mmalo momazula mapulagi amodziamodzi pa injini, ndinalowa mkati pansi pa dashibodi, kuzula mapulagi a kompyuta ndi ena olumikiza ku mawaya a bodi, nkukankha mtolo wonse kudzera pa kabowo ka labala kaja kupita ku injini, nkuukulunga pamwamba pake. Mapulagi a zaka 30 ndi ouma, timano take timathyoka ukangofulumira, dinani kaye mkati kenako kokani pulagiyo osati waya. Paliponse ndimajambula pa foni ndisanazule komanso nditazula, makamaka timapaipi ta vacuum ndi mawaya a earth, amenewa ndi omwe amaiwalika.

Zina zonse nzongotsatana. Kebulo ya accelerator, makebulo awiri a magiya, mapaipi a hita, ekizozi pa manifold pomwe mabawuti adzimbiri anafuna kunyowetsedwa usiku wonse. Slave cylinder ya kilatchi, pampu ya power steering ndi compressor ya AC ndinangozimasula nkuzimangirira pambali ndi waya osatsegula mapaipi ake, ntchito yochepa komanso gasi wa AC sauluka. Ma driveshaft ndinawatulutsa ndi chitsulo chopanira ku giyabokosi, osakoka shafti yeniyeniyo chifukwa joint yamkati imasolokoka.

Injini ndi giyabokosi zinatuluka limodzi cha pamwamba. Tcheni ikoke kaye mpaka ma mounting apepukidwe ndiye muwamasule, ndipo mbali ya giyabokosi imafuna kuweramira pansi kuti idutse. Mng'ono wanga anali pa tcheni ine ndikuyang'ana mozungulira, tikakweza pang'ono timaima, chifukwa injini ikakana kukwera ndiye kuti pali chomwe chagwira, kukoka mwamphamvu nkudula chinthu basi.

Ili pansi pa tayala lakutha mpamene ndinachita zomwe zimavuta ikakhala mkati. Timing belt yatsopano ndi tensioner, water pump, ma seal a kutsogolo, ndinasiyanitsanso giyabokosi kuti ndione kilatchi ndi seal ya kumbuyo kwa crankshaft yomwe inali itayamba kunyowa. Pobwezera kilatchi pamafunika kachida koyikira plate pakati penipeni, mukangoyika ndi maso giyabokosi ikana kulowa, ndipo osaikokera ndi mabawuti. Pa ma mounting a magalimoto onse awiri ndinasankha osang'ambika.

Kutulutsa ya AE100 kunali kubwereza zomwezo, manja anali atazolowera. Polowetsa 4A-FE mabawuti a ma mounting onse ndinangowagwiritsa kaye, kumanga ndinamanga onse atalowa. Ndisanailize ndinathira oyilo ndi fyuluta yatsopano, kuchotsa fyuzi ya EFI kuti injini isalire, nkuzunguza sitata mpaka nyale ya oyilo inazima. Fyuzi kubwezera, kiyi, inatsokomola kenako inagwira. Ndinaisiya ilire hita ili ku moto, chivundikiro cha redieta chotsegula, kuti mpweya utuluke m'madzi oziziritsa injini, mpaka fani inazungulira yokha.

Mabuleki ndiye ndinapita nawo modekha kuposa injini, injini ikakanika umangoima pamsewu koma buleki ikakanika ndi nkhani ina. Kutsogolo ndi ma disc, kumbuyo ma drum, ndipo chilichonse chimasamuka awiriawiri, osati caliper yabwino kumanja yakale kumanzere, galimoto izikokera mbali imodzi. Ndinayamba ndaika zida za magalimoto onse pambali pa zinzake kuona ngati zikufanana kukula, ndipo pa disc pamalembedwa kuonda komwe siyenera kupitirira, ndinayeza. Ma caliper ali ndi L ndi R, mukawasemphanitsa amalowabe bwinobwino koma ka nipple kotulutsira mpweya kamakhala pansi, mutha kupopa tsiku lonse pedulo ili yofewa. Kayenera kukhala pamwamba. Ma pin otsetsereka ndinawatsuka nkupaka girizi wosadya labala, mawashala a kopa a pa paipi ndinaika atsopano, ndipo mapaipi a labala omwe anali ndi ming'alu sindinawasamutse ngakhale anachokera pa galimoto yabwinoyo. Manati a mapaipi achitsulo amafuna sipanala ya 10 yogwira mbali zambiri ija, wamba imawakulungiza.

Kumbuyo drum inakakamira, koma ili ndi timabowo tiwiri ta mazinga, ukalowetsamo mabawuti a M8 nkumamanga mosinthana imadzikankha yokha, bola handibuleki ikhale yotsitsa. Fumbi la mkatimo osalipemerera, ma shoe akale ena amakhala ndi asbestos, tsukani ndi brake cleaner. Chitani mbali imodzi kaye kuti inayo ikhale chitsanzo cha mmene masipuling'i amakolekera. Ndinatukula timalabala ta ma wheel cylinder kuona ngati mukudontha, imodzi inali yonyowa ndiye ndinasintha zonse ziwiri.

Fuluwidi wa mabuleki ndinathira watsopano wa mu botolo losatsegula, DOT 3 monga zalembedwera pa chivundikiro, DOT 4 imathekanso koma DOT 5 ayi, sasakanikirana. Akadonthera pa penti tsukani pompo. Kubulida, kapena kuti kutulutsa mpweya mu mapaipi a mabuleki, tinayambira tayala lakutali ndi master cylinder (pampu yomwe pedulo imakankha), mng'ono wanga pa pedulo, ine pansi ndi kapaipi kolowa mu botolo. Ndikati “popa, gwira!” iye “ndagwira achimwene”, ndimatsegula, thovu kutuluka, kutseka ndiye iye nkusiya. Kathanki ka fuluwidi kapamwamba kasaphwe apo ayi muyambiranso.

Matayala ndinamanga pa 103 Nm, pedulo kuipopa kaye mpaka ilimbe ndisanasunthe, kuyesa pabwalo, kenako pa msewu wopanda anthu kumaima pang'onopang'ono kangapo kuti ma pad akhazikike. Nditabwerera ndinayang'ananso polumikiza paliponse ngati pali ponyowa. Nambala ya injini yasintha, ndiye chatsala ndi kukakonzetsa mapepala a galimoto kuti agwirizane ndi zomwe zili pansi pa boneti, komanso kuwauza a inshuwalansi kuti pano ndi 1.6.