Commodore 64 ndi Amiga 500 tsopano zikuimbira kompyuta yanga ya lero

Ntchito yolumikiza makina akale awiriwa ku kompyuta ya masiku ano yafika poti ndingathe kunena kuti ikuyenda. Commodore 64, makina a 1982, ikulowa pa BBS (pulogalamu yomwe makompyuta ena amaiimbira kuti asiyirane mauthenga ndi mafayilo) yomwe ndaika pa kompyuta ya Linux, ikuwerenga mauthenga komanso kutenga mafayilo. Amiga 500, ya 1987, nayonso ikulowa, ngakhale pali zina zoti ndikonze pa kaonekedwe ka zilembo. Ndilemba m'munsimu mmene zinthu zakhalira, kuti anzanga amene muli ndi makina otere mu kabati mudziwe pomwe pali minga.

Ena andifunsa chifukwa chimene ndavutikira ndi BBS pamene kuli tizipangizo towerenga khadi ya SD tomwe timalowa m'malo mwa disiki. Tizipangizoto n'tabwino, sinditinyoza. Koma timangosamutsa mafayilo basi, ndipo makinawo amakhalabe okhaokha. BBS ndi malo amodzi pomwe makina osiyana mitundu amakumana: Commodore isiya fayilo, Amiga idzaitenga, kompyuta ya lero isunga zonse. Ndiponso iyi ndi ntchito yomwe makinawa ankagwira kale m'masiku awo. BBS yoyamba, CBBS, anaiyambitsa Ward Christensen ndi Randy Suess ku Chicago mu February 1978, ndipo anthu ankaiimbira pa foni, mmodzimmodzi, kudzera pa modemu, chipangizo cholumikiza kompyuta ku lamya. Mapulogalamu oimbira a Commodore ndi Amiga analembedwa ndi cholinga chimenecho, choncho sindikuwakakamiza chinthu chachilendo.

Ku mbali ya kompyuta ya lero kuli mapulogalamu awiri. Yoyamba ndi Synchronet, pulogalamu ya BBS ya Rob Swindell yomwe inayamba mu 1991 ndipo ikukonzedwabe mpaka pano. Yachiwiri ndi tcpser, kapulogalamu kakang'ono kamene kamadziyesa modemu ya mtundu wa Hayes. Makina akale amatumiza malamulo oyamba ndi AT monga ankachitira kale, tcpser n'kuwasandutsa kulumikizana kwa pa netiweki. Ndikalemba ATDT pa Commodore, m'malo mwa nambala ya foni ndimatsatiza adilesi ya kompyuta ndi nambala ya port, kutanthauza khomo la pa netiweki pomwe BBS ikudikirira. Pakangopita kanthawi pang'ono, mawu oti CONNECT 2400 amatuluka pa sikirini. Commodore sidziwa n'komwe kuti palibe lamya.

Chopinga choyamba ndi magetsi, ndipo apa mpofunika kusamala kwambiri chifukwa mpamene makina amafera. User port ya Commodore 64, ija yakumbuyo yokhala ndi timizere 24, siyankhula RS-232 yeniyeni, ndondomeko yomwe makompyuta ndi ma modemu amatumizirana nayo uthenga pa waya. Imagwiritsa ntchito 0V ndi 5V, pamene RS-232 imatha kukwera mpaka 12V n'kutsikanso pansi pa ziro. Mukalumikiza waya molunjika, chip ya 6526 CIA yomwe ili kuseri kwa port ija ipsa, ndipo ma chip amenewa anasiya kuwapanga kalekale. Pakati pake ndaikapo kabolodi kokhala ndi MAX232, chip yomwe ntchito yake ndi kusintha mphamvu za magetsi ziwirizi. Magetsi ake kakutenga pa pini 2 ya user port. Uthenga wotuluka ukudutsa pa pini M, wolowa pa B ndi C, ndipo A ndi N ndi ground. Cholumikiziracho chimatha kulowa mozondoka popanda kukana, choncho ndalemba mawu oti PAMWAMBA ndi inki yosafufutika, ndipo sindichizula kapena kuchilowetsa makina ali oyaka.

Amiga ilibe vuto limeneli popeza port yake ya mapini 25 ndi RS-232 ndithu. Koma ili ndi msampha wakewake: pa Amiga 500, pini 9 imatulutsa +12V ndipo pini 10 imatulutsa -12V. Chingwe chogula chomwe mapini onse ndi olumikizidwa chingathe kupititsa magetsi amenewa komwe sakufunika. Ndawotcherera changa cha null modem, cholumikiza makompyuta awiri popanda modemu pakati, chokhala ndi mawaya ofunikira okha: wotumiza wa uku kupita kwa wolandira wa uko, RTS ndi CTS (mawaya ouzana kuti tumiza kapena dikira) mopingasa chimodzimodzi, kenako ground, DTR ndi DCD. Ku kompyuta ya lero chikulowa kudzera pa kachipangizo kosintha USB kukhala serial.

Magetsi atakhala bwino, panabwera nkhani ya zilembo, yomwe yandisangalatsa kuposa zonse. Commodore sigwiritsa ntchito ASCII, ndondomeko yopatsa chilembo chilichonse nambala yake, monga makina ena. Ili ndi ndondomeko yake yotchedwa PETSCII. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono zinasinthana malo, kotero BBS itatumiza mawu oti Moni, pa sikirini panaoneka mONI. Malamulo a ANSI opaka mitundu ankangotuluka ngati zinyalala za manambala ndi timizere, ndipo mizere ya zilembo 80 inkathyoka pakati chifukwa Commodore 64 imaonetsa zilembo 40 zokha pa mzere. Synchronet inakonzekera zimenezi kale. Ili ndi port 64 ya makina a PETSCII a zilembo 40, ndi port 128 ya zilembo 80 monga Commodore 128. Nditaimbira pa port 64 ndi CCGMS, pulogalamu yoimbira ya pa Commodore, zonse zinakhala m'malo mwake: nambala 147 ikufufuta sikirini, 5 ikupatsa zilembo mtundu woyera, 28 ikuzifiiritsa. Mndandanda wa zosankha unatsika pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, pa liwiro lomwe maso amatha kulitsatira. Ine ndikuona kuti kuchedwa kumeneku n'kokoma. Umawerenga chilichonse, sudumpha.

Koma pa mafayilo kuchedwako kumamveka. Byte iliyonse imafuna ma bit 10 pa waya, asanu ndi atatu a uthenga, imodzi yoyambira ndi imodzi yotsekera. Choncho liwiro la 2400 baud, kutanthauza ma bit 2400 pa sekondi, ndi ma byte 240 pa sekondi. Chithunzi chathunthu cha disiki ya 1541 (makina a Commodore owerenga ndi kulemba madisiki), fayilo ya D64, chili ndi ma byte 174,848, kutanthauza mphindi zoposa 12 pa waya pokha. Kuwonjezera apo, 1541 ndi yodziwika ndi kuchedwa kwake, ndipo kutumiza kumaima nthawi iliyonse pamene ikulemba. Mapulogalamu aang'ono amafika msanga, koma disiki yathunthu imafuna munthu wodekha mtima.

Njira yotumizira yomwe ikugwira pa Commodore ndi XMODEM, ya Christensen yemwe uja, ya 1977. Imadula fayilo m'zidutswa za ma byte 128, ndipo wolandira amavomereza chidutswa chilichonse asanatumiziridwe china. Chikafika cholakwika, amapempha kuti chibwerezedwe. Eni ma Commodore ambiri ankakonda njira ya Steve Punter, ndipo CCGMS ili nayo, koma ku mbali ya Synchronet zomwe zilipo zokonzeka ndi XMODEM, YMODEM ndi ZMODEM. Dziwaninso kuti XMODEM siuza wolandira kukula kwenikweni kwa fayilo. Chidutswa chomaliza chimadzazidwa ndi ma byte owonjezera, kotero fayilo imafika itatalikirapo pang'ono. Mapulogalamu ambiri a Commodore salabadira zimenezi, koma ngati mukuyerekeza kukula kwa fayilo mbali ziwirizi, musadabwe zikasiyana.

Vuto lomwe linandigwira nthawi yaitali linali lobisika. Mauthenga ankayenda bwinobwino, mafayilo a zolemba ankafika, koma masewera ankaima pa chidutswa chimodzimodzi nthawi zonse, nambala ya zolakwika ikungokwera mpaka kutumiza kulephereka. Chifukwa chake ndi telnet, ndondomeko yomwe BBS imayankhulira pa netiweki. Mu telnet, byte ya 255 ndi chizindikiro choti lamulo likubwera, choncho ikapezeka mkati mwa fayilo, wotumiza amaitumiza kawiri ndipo wolandira ayenera kuchotsa imodzi. Mbali imodzi ikamachita zimenezi ina osachita, chidutswa chimafika ndi byte yowonjezera kapena yoperewera, ndipo XMODEM imachikana mpaka kalekale. Zolemba wamba zilibe 255, n'chifukwa chake zinkadutsa; mapulogalamu a makina ali nayo paliponse. Mankhwala ake ndi kuonetsetsa kuti BBS ndi modemu yoyerekezerayo zagwirizana: zonse ziyankhule telnet, kapena zonse zitumize ma byte osawakhudza. Zitagwirizana, masewera omwe ankakana aja anafika, ndipo RUN, lamulo loyambitsa pulogalamu, inagwira.

Amiga ikuthamanga pa 19200 baud ndi RTS/CTS, ndipo pulogalamu ya NComm ikugwiritsa ntchito ZMODEM ya Chuck Forsberg, ya 1986. Imeneyi siyembekezera chivomerezo pa chidutswa chilichonse, imanena dzina ndi kukula kwa fayilo yokha, ndiponso imatha kupitiriza pomwe inadukira. Chotsala ndi timizere tojambulira mabokosi. Ma BBS ambiri amajambula ndi zilembo za IBM PC, zija za code page 437, pamene Topaz, mtundu wa zilembo za Amiga, ili ndi zilembo za zinenero za ku Ulaya pa manambala omwewo. Bokosi likutuluka ngati mpanda wa zilembo za A zokhala ndi timadontho pamwamba. Pakufunika kuika zilembo za IBM mu pulogalamu yoimbira.

Chomwe ndikufuna kuyesa tsopano ndi UP9600, njira ya Daniel Dallmann yomwe imagwiritsa ntchito ma shift register (zigawo zotumiza ndi kulandira ma bit motsatizana) a ma chip a CIA kuti user port ifike 9600 baud. Imafuna mawaya ena ochepa pa cholumikizira chomwechi, ndipo CCGMS yatsopano imaidziwa kale. Ikatheka, D64 ija idzatsika kuchoka pa mphindi 12 kufika pafupifupi 3 pa waya, ndipo pamenepo chochedwetsa chidzakhala 1541 yokha.